Laibulale Itakwera Boti

Ine ndine munthu wa kumtunda. Ndinabadwira ku Dowa, ndinaphunzitsa ana a pulayimale mpaka imvi mbuu, ndipo kunyanja kuno ndinabwera chifukwa cha ukwati. Anthu a kuno akafuna kundikhululukira amangoti, "Asiyeni, ngakumtunda," ndipo chikhululukiro chimenechi ndimachilandira ndi manja awiri ngakhale chimabwera ndi phwete.

Nditapuma pa ntchito, komiti ya kalaibulale ka m'dera lathu, kufupi ndi Senga Bay, inandipatsa udindo wokonza zochitika. Musaganize za nyumba zazikulu za National Library Service, bungwe limene boma linakhazikitsa ndi lamulo la 1967. Kathuka ndi kachipinda kamodzi ka malata, mabenchi obwereka ndi mashelefu opendekeka. Mabuku ambiri anachita kutipatsa anthu akufuna kwabwino a kunja: kalimidwe ka maapozi, mbiri ya mafumu a ku England, kasamalidwe ka nyumba nthawi ya chisanu choundana. Koma pakona pali shelefu yanga ya pamtima, pamene pamakhala Nthondo wa Samuel Josia Ntara, Sikusinja ndi Gwenembe wa John Gwengwe, Njala Bwana wa Willie Zingani ndi Mtima Sukhuta wa Jolly Max Ntaba. Munthu akabwereka limodzi mwa amenewa ndimamuperekeza ndi maso mpaka akakhote.

Amene anandiwononga mutu ndi William Kamkwamba. Mnyamata wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, atasiya sukulu m'nyengo ya njala ya 2001 ndi 2002, ankapita ku kalaibulale kakang'ono kwawoko, nabwereka buku lotchedwa Using Energy, mapeto ake n'kupanga makina opukusidwa ndi mphepo otulutsa magetsi. Buku la mbiri yake linatuluka mu 2009, filimu mu 2019. Ine ndinawerengetsera motere: ngati kalaibulale ka ku Wimbe kanatulutsa munthu wotero, nanga kuno kumene mphepo timachita kuithawa? Kuyambira pamenepo mwana aliyense wolowa pakhomo ndinkamuona kuti Kamkwamba wachiwiri ndi ameneyu, ngakhale amene wangobwera kudzabisala dzuwa.

Ndinakhala pansi n'kulemba kalendala ya chaka chonse. Masiku ake ndinawatola m'mabuku: 23 Epulo, tsiku la mabuku pa dziko lonse, 8 Seputembala, tsiku lokumbukira kulemba ndi kuwerenga, ndi ena otero amene a UNESCO anakhazikitsa. Ndinajambula mizere ndi rula, n'kupachika pakhoma. Sindinafunse munthu.

Kunyanja kuno kuli kalendala ina imene siipachikidwa pakhoma. Ndinayambitsa "Madzulo a Abambo" mwezi uli mumdima, nthawi yeniyeni imene mwamuna aliyense wamphamvu zake amakhala pamadzi ndi nyali kukokera usipa. Anabwera gogo mmodzi yekha, naye kudzafunsa ngati tili ndi potchajira foni. Ndinakonza tiyi ndi mandasi a owerenga masana dzuwa lili paliwombo, osazindikira kuti Ramadan yayamba, pamene theka la mamembala athu ndi Asilamu. Mwezi umenewu umasuntha chaka ndi chaka, umabwera msanga ndi masiku pafupifupi 11, ndiye pa kalendala yanga ya rula unalibe malo. Mandasiwo tinadya kunyumba mpaka adzukulu anayamba kulira akawaona. Pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, ndinakonza zolakatula ndakatulo pamchenga, kuiwala kuti tsiku limeneli Lilongwe yense amatsikira ku Senga Bay ndi maminibasi, zophika ndi masipika. Ana anga analakatula bwino, ndinaona milomo yawo ikugwedera.

Gulu limodzi lokha silinandikhumudwitsepo: amayi a sukulu ya kwacha. Ambiri ndi ogulitsa nsomba. Amabwera Lachitatu masana atayanika usipa pa thandala, mamba ali nyezinyezi m'mikono. Chimene chinawabweretsa poyamba si Gwengwe ayi. Ankafuna kumawerenga okha uthenga wa ndalama za pafoni, chifukwa ogula ena a m'tauni amangoonetsa foni patali n'kunena kuti "zalowa." Amayi a pampando a gululi ndi munthu wosafulumira kuyankhula koma akayankhula nkhani imatha.

Tsono Epulo atafika ndinaona abambo akuzimiririka m'mudzi. Pa bawo panalibe anthu, kumsika kunatsala okalamba. Nditafunsa anandiyankha mawu amodzi: "Mbenje."

Mbenje ndi chilumba cha m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira, kumpoto kwa boma la Salima. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mafumu a kumeneko amatseka chilumbachi mu Disembala, nyengo ya mvula nsomba zikamaswana, n'kudzatsegula mu Epulo ndi mwambo waukulu pa doko la Chikombe. Boma nalo lili ndi nyengo yake yoletsa makoka ena mu Novembala ndi Disembala, koma ukamvetsera mmene asodzi amayankhulira, lamulo limene amalitchula motsitsa mawu ndi la ku Mbenje. Akatsegula, asodzi ochokera m'madoko akutali amasamukira komweko ndi zilimira zawo kukapha utaka, namanga zisakasa, nakhala miyezi.

Munthu wanzeru akanasuntha tsiku. Ine ndinati ngati owerenga apita ku chilumba, laibulale iwatsatire. Ndinaona kale m'maganizo chithunzi changa nditaimirira pathanthwe, buku m'manja, asodzi ali chete. Ndinauza amayi a sukulu ya kwacha kuti pa 23 Epulo tonse tikukwera boti, akaonetse abambo mmene kuwerenga kumakomera. Anayang'anana. Amayi a pampando anafunsa funso limodzi: "Galimoto alipira ndani, Aphunzitsi?" Ndinati ine. Anati, "Tipita."

Usiku mayi a kunyumba anandipeza ndikudula makadi pa katoni ya sopo, ndikulemba chilembo chimodzi pa khadi lililonse.

"Bambo, alamu anu mwawafunsa za ulendowu?"

Mchimwene wawo ndi msodzi, ndipo nthawi imeneyo anali kale ku Mbenje. Foni ali nayo. Koma munthu ameneyu amandiseka kuyambira tsiku limene ndinafunsa ngati kampango ndi mwana wa mlamba, ndiye ndinati palibe chofunsa.

"Safunsa anadya phula," anatero mayiwo, n'kutembenukira kukhoma.

Tinanyamuka mbandakucha pa lole ya matola. Kuchoka ku Senga Bay kufika ku Salima ndi makilomita pafupifupi 20, kenako msewu wa M5 wopita ku Nkhotakota, kenako wafumbi umene mvula inali itausiya ndi mabala. Ndinaona kuti mayi aliyense wanyamula beseni lalikulu ndi matumba opanda kanthu. Ndinaganiza kuti akufuna kukachapa. Ndinasangalala ndithu kuti anthu anga ndi aukhondo.

Pa Chikombe panali piringupiringu: maboti, migolo ya petulo, matumba a ufa, nkhuni, anyamata onyamula katundu. Tisanayandikire n'komwe madzi, bambo wina wa komiti ya padoko anatiimitsa mwaulemu.

"Amayiwa akupita kuti, bambo?"

"Ku chilumba. Ndi gulu la owerenga."

Anandiyang'ana kuyambira ku tayi mpaka ku nsapato. Kenako anandifotokozera pang'onopang'ono, mmene ndinkafotokozera ine ana a Sitandade 1, kuti ku Mbenje munthu wamkazi saponda. Mowa sulowa. Chamba sichilowa. Njuga siiloledwa. Wophwanya amamuchotsa pachilumba. Akuluakulu amati malowo ali ndi eni ake amene sakondwa ndi zonyansa, ndipo asodzi, Mkhristu ndi Msilamu yemwe, salimbana nazo.

Ndinatembenuka kuti ndiwapepese amayi aja, mawu achisoni ndili nawo kale kukamwa. Ndinapeza atabalalika. Ena anali atazungulira boti limene linangofika kumene, akutsutsana mtengo wa utaka. Amayi a pampando okha ndi amene anatsala.

"Timadziwa, Aphunzitsi. Mwana aliyense kuno amadziwa. Koma utaka wa pa Chikombe ndi wotchipa, ndipo galimoto yaulere siibwera kawiri. Pitani bwino, mutipeza."

Mwini boti atanyamula katoni yanga ya mabuku anati ikulemera ngati munthu, ndilipire mipando iwiri. Ndinachotsamo mabuku angapo n'kuwasiyira amayiwo kuti andisungire. Mnyamata wofufuza katundu anapeza mpukutu wa makadi aja womanga ndi mphira. "Izi n'chiyani?" Ndinayankha monyada kuti ndi zipangizo zophunzitsira. Anaona chilembo "m", anaona tayi yanga, nandilola.

Za paulendo wa pamadzi ndidutsapo msanga. Ndinadziwa tsiku limenelo kuti m'mimba mwa munthu mumakhala zinthu zambiri kuposa zimene akukumbukira kuti anadya. Katoni ndinaiika pansi penipeni pa boti kuti isagwe, pamalo pamene pamasonkhana madzi, petulo ndi mamba.

Tinafika dzuwa litakwera. Pachilumba panali zii. Amene anagwira ntchito usiku anali lambalamba m'zisakasa, ena ochepa akusoka maukonde pamthunzi. Ndinatulutsa belu langa la m'manja, limene ndinachoka nalo ku sukulu yomaliza, n'kuliza mwamphamvu. Anthu anadzambatuka, ena atagwira nkhafi, poganiza kuti boti lamira. Pakati pawo ndinaona alamu anga. Atandizindikira anakhala pansi pomwepo n'kugwira kumutu.

Ndinayamba ndi mbiri. Ndinati lero ndi tsiku la mabuku, limene a UNESCO anakhazikitsa mu 1995, ndipo anasankha 23 Epulo pokumbukira alembi akuluakulu, William Shakespeare wa ku England ndi Miguel de Cervantes wa ku Spain, amene anamwalira mwezi ngati uno mu 1616. Bambo wina wa maso ofiira ndi tulo anakweza dzanja.

"Ndiye mwatidzutsira uthenga wa maliro?"

Ndinalumphira ku gawo lachiwiri, lolangiza anthu mabuku oyenera kuwerenga. Apa ndiye pamene ndimadzidalira. Mkulu wina wa ndevu zoyera, wovala kofia, anali atakhala phee pa bwato logadabuza, ndipo ndinamusankhira Nthondo. Ndinamuuza kuti analemba ndi mphunzitsi mnzanga wa ku Nkhoma, kuti linapambana mpikisano wa mabuku a m'zilankhulo za mu Africa, linatuluka mu 1933, ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi. Analandira ndi manja awiri, nalinunkhiza, nati, "Petulo." Kenako anafunsa ngati ndili ndi buku lofotokoza za injini ya boti, chifukwa yake ikumazima ikatentha. Wina anafuna malamulo a boma a kukula kwa maso a ukonde, olembedwa m'Chichewa, kuti akamakangana ndi alangizi azikhala ndi poloza. Wina anafuna buku la masamu a ngongole. Ndinafufuza m'katoni. Ndinatulutsa kalimidwe ka maapozi.

Anthu atayamba kubwerera kukagona, ndinatulutsa chida changa chomaliza. Masewero ake ndi osavuta: aliyense alandira makadi asanu, amene wayamba kupanga mawu ndi zilembo zake wapambana. Anyamata angapo anakhala mozungulira pamchenga. Tinasewera kamodzi, kawiri, chidwi chili chochepa. Kenako mmodzi anati, "Aphunzitsi, masewero opanda kanthu pakati sakoma. Aliyense aponye K100." Ku koleji anatiphunzitsa kuti wophunzira amalimbikira pakakhala mphotho. Lamulo lija ndinalimva ndithu pa Chikombe, koma m'mutu mwanga njuga inali ya anthu ena, a makadi a m'sitolo, osavala tayi. Ndinaponya K100 yanga.

Ndinabwera ndi maganizo akuti ndikukaphunzitsa anthu a, e, i, o, u. Ndinaiwala kuti sukulu ya pulayimale inakhala yaulere mu 1994, ndipo anyamata amenewa anadutsamo, ena mpaka Fomu 4. Chinawabweretsa kunyanja ndi kusowa kwa ntchito, osati kusowa kwa zilembo. Manja awo anali achangu kuposa maso anga. Ankaponya mayina a nsomba, a mphepo, a ziwalo za boti, mawu amene sindinawamvepo. Ndikatsutsa, gulu lonse linkaimira mnzawo umboni, ndipo ine mtanthauziramawu ndinalibe. Ndalama inakwera kufika K500. Anthu anadzukanso, bwalo linakula, phokoso linamveka mpaka kuseri kwa miyala. Kunena zoona, chiyambire ntchito yanga ya laibulale sindinaonepo anthu akulimbirana zilembo chotero, ndipo mtima wanga unadzaza. Ndalama yobwererera inali itapita, koma ndinali kugawa makadi mwaluso, ndikunyowetsa chala ndi malovu.

Ndi mmene anandipezera akuluakulu a pachilumba: nditakhala pakati, makadi m'manja, mulu wa ndalama pamapazi panga. Anyamata aja anasungunuka. Sindinaone kumene analowera.

Mlandu unakambidwa pamthunzi wa thanthwe. Anafunsa ngati pali wondidziwa. Panapita nthawi ndithu alamu anga asanaimirire, ndipo ataimirira anayankhula akuyang'ana pansi: "Ndi amuna awo a achemwali anga. Ngakumtunda." Ine ndinadziteteza ndi mfundo za maphunziro. Ndinatchula UNESCO. Ndinapempha kuti aone okha kuti pa makadipo palibe mfumu, palibe mtima, pali zilembo basi. Wapampando wa bwalolo anatola khadi limodzi, nalitembenuza, nawerenga dzina la sopo kuseri kwake.

"Aphunzitsi, kaya pajambulidwa mfumu kaya palembedwa 'a', ndalama zikakhala pakati wina n'kuzitenga zonse, kuno timazitcha dzina limodzi. Inu kwanu mumazitcha chiyani?"

Ndinakhala kakasi.

Amene anandipulumutsa ndi mkulu wa kofia uja. Anati iye waona anthu a njuga ambiri pa moyo wake, ndipo palibe wanjuga amene angabwere ndi makadi ake, malamulo ake, n'kudyedwa ndalama zonse ndi ana. Munthu wotere, anatero, ndi wofunika kumuperekeza kwawo bwinobwino asanadzipweteke. Bwalo linaseka, ndipo kuseka kuja kunandichepetsera chilango. Makadi anawaponya pamoto wophikira nsima. Chindapusa anandilipirira alamu anga, ndipo amandikumbutsa pa maliro ndi pa ukwati paliponse. Ine anandilamula kukwera boti loyamba lobwerera. Nthondo ndinachita manyazi kumuitanitsa.

Pobwerera mphepo ya kummwera inali itayamba, kalambulabwalo wa mwera umene umavutitsa kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Mafunde ankalowa m'boti, anyamata akukapa ndi zigubu zodula. Katoni yanga inafewa pang'onopang'ono mpaka inaphwasuka, ndipo mafumu a ku England anayamba kuyandama pakati pa utaka. Ndinavula jekete n'kukulunga Mtima Sukhuta ndi Njala Bwana, koma madzi anali atafika kale.

Pa Chikombe ndinapeza chimene sindinachikonze. Amayi aja anali atagula nsomba zawo, atamanga mabeseni, ndipo podikira ine anakhala pansi pa mtengo. Mmodzi, amene chaka chapitacho ankasaina ndi chala, anali kuwerenga Sikusinja ndi Gwenembe mokweza, akukakamira pa mawu aatali, anzake akumuthandiza. Ana a padoko, amayi ogulitsa zitumbuwa ndi anyamata a kabaza anali atazungulira. Amayi a pampando anali atang'amba pepala m'kope la ngongole zawo n'kulemba mayina a onse amene anamvetsera. Atandiona ndili chonyowa, tayi ili kumsana, sanafunse kanthu. Anangondipatsa pepalalo nati, "Mukalembe lipoti." Anandilipiriranso lole.

Kunyumba mabuku tinawayanika pa thandala la usipa, chifukwa palibe malo ena amene mphepo imadutsa pansi ndi pamwamba. Mtima Sukhuta anafufuma ngati mtanda wa mandasi ndipo mpaka lero satsekeka. Masamba ena anamatirirana, ena mbuzi ya aneba inalawako. Mafumu a ku England anauma bwinobwino osataya tsamba ndi limodzi lomwe, pepala lawo ndi lolimba. Kalaibulale kathu tsopano kamanunkha utaka, ndipo amphaka a m'mudzi amakonda kugona pa shelefu ya mbiri yakale.

Komiti inagamula kuti ndibweze mabuku owonongeka ndi ndalama ya penshoni. Apa ndi pamene ndinaona kuti mabuku akale a Chichewa sapezeka wamba. Ndinayenda m'masitolo a mabuku ku Lilongwe, ndinafunsa anyamata oyala mabuku m'mbali mwa msewu, ndipo ochepa amene ndinawapeza mitengo yake inali itatsatira kwacha, imene inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Komiti inagamulanso kuti kalendala iliyonse imene ndilembe iziyamba yadutsa m'manja mwa amayi a pampando. Iwo amaiwerenga ndi pensulo, akufunsa kuti mwezi udzakhala uli pati, mpunga wa ku Lifuwu adzakhala akumweta kapena ayi, ana adzakhala ali ku zinamwali kapena atuluka. Lipoti la 23 Epulo linayamikiridwa kwambiri. Dzina langa lili pansi pake, pamene pali mawu akuti "wokonza."

Mu Disembala, chilumba chitatsekedwa, ndinali kupukuta fumbi pamene pakhomo panaima munthu wa kofia. Anali atafunsira njira kwa alamu anga. Anatulutsa Nthondo m'thumba la pulasitiki, atamukutira bwino ndi pepala la simenti. M'mphepete mwa masamba munali manambala a pensulo: mabigiri a utaka, malita a petulo, mayina a anyamata ake ndi ngongole zawo.

"Ndamaliza, Aphunzitsi. Ndinkawawerengera anyamata mwera ukatitsekera pamtunda. Munthu ameneyu anatisangalatsa ali mnyamata wosamva, ndipo atalowa ufumu tinakangana usiku wonse ngati anayenera. Koma kumapetoko mwatilowetsa m'tchalitchi osatichenjeza. Mumafuna kundiuza chiyani?"

Ndinalumbira kuti sindinkafuna kumuuza kanthu, kuti Ntara anali munthu wa mishoni ndipo analemba za kwawo. Anagwedeza mutu, nati palibe mlandu, munthu aliyense amakokera bwato ku doko lake. Malamulo athu amati buku likachedwa munthu alipire pa tsiku pa tsiku, ndipo ili linachedwa kuyambira Epulo. Ndinatsegula kaundula, ndinayang'ana ndevu zija, ndinakumbukira mthunzi wa thanthwe, n'kutsekanso.

Anayendayenda m'mashelefu, manja kumbuyo, nabwereka Njala Bwana ngakhale masamba ake ndi okwinyika. Ali pakhomo anatembenuka.

"Nanga la injini lija?"

Pakamwa panga panayankha pasanandifunse: "Likubwera mwezi wamawa."

Mkuluyo wauza kale eni maboti onse kuyambira ku Senga Bay mpaka ku Chikombe, ndipo ayamba kulembetsa mayina kwa alamu anga.